Mafunso a Owerenga: Makina a X-ray ndi Chithandizo Chosang'amba Thupi

M'miyezi yapitayi talandira makalata angapo ofunsa za makina ojambulira m'kati mwa thupi. Ena mwa olembawo akuopa kujambulidwa, ena akudandaula kuti sanajambulidwe, ndipo ena auzidwa kuti iwo kapena abale awo alandire chithandizo chimene madokotala amalowetsa zipangizo kudzera pa kabowo kakang'ono, uku akuonera pa sikirini, m'malo mong'amba thupi. Tasankhapo makalata 7 ndipo tawafupikitsa. Mayina a olemba sitinawatchule popeza nkhani za matenda ndi zachinsinsi, ndipo mayankhowa salowa m'malo mwa dokotala amene wakuonani ndi kukupimani.

Funso: Chaka chino ndajambulidwa pachifuwa katatu chifukwa cha chifuwa chosatha, kenako anandipeza ndi TB ndipo panopa ndili pa mankhwala. Anthu kumudzi kuno akuti X-ray imaumitsa magazi ndiponso imachepetsa masiku a munthu. Akuchipatala akuti ndidzajambulidwenso ndikamaliza mankhwala. Kodi ndipite?
Mlimi, Kasungu

Yankho: Pitani, bambo, ndipo mankhwalawo muwamalize onse monga mwauzidwira. X-ray siumitsa magazi, sitsalira m'thupi, ndipo munthu amene wajambulidwa sabwerera kunyumba ndi chilichonse chimene angapatsire mkazi wake kapena ana ake.

M'makinawo muli chubu chopanda mpweya m'kati mwake. Wojambula akadina batani, magetsi amphamvu kwambiri amathamangitsa tinthu tating'ono totchedwa ma elekitironi kukamenya kachitsulo kolimba ka tungsten, ndipo pomenyapo pamatuluka cheza chosaoneka ndi maso. Chezachi ndi cha mtundu umodzi ndi kuwala kumene timaonera, koma mphamvu yake ndi yaikulu moti chimadutsa mnofu. Mukayatsa tochi usiku n'kuiphimba ndi zala, mumaona zalazo zikufiira chifukwa kuwala kwina kwadutsa, pamene kwina kwatchingidwa. X-ray imagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti imalowerera kwambiri. Mafupa, popeza ali ndi calcium wambiri, amatchinga cheza chochuluka ndipo amaoneka oyera pachithunzi. Mapapo abwino, popeza ndi odzaza mpweya, amalola chezacho kudutsa ndipo amaoneka akuda. Pamene m'mapapo muli mafinya, madzi, chotupa kapena bowo lodyedwa ndi TB, maonekedwe a malowo amasintha, ndipo n'zimene wowerenga chithunzi amafufuza. N'chifukwa chake wojambula anakuuzani kuti mugundike chifuwa pa bolodi lozizira lija, muike manja m'chiuno, mukankhire mapewa kutsogolo, mukoke mpweya wambiri ndi kuusunga. Mapewa akapita kutsogolo mafupa ake amachoka pamaso pa mapapo, ndipo mpweya wokokedwawo umatambasula mapapo kuti zobisika zioneke. Cheza chenichenicho chimatuluka kwa nthawi yosakwana sekondi imodzi, ndipo batani likasiyidwa chimatheratu, osatsala m'chipindamo.

Komabe mantha a anthu akumudzi kwanu sanangochokera kumutu. Wilhelm Conrad Röntgen anatulukira chezachi pa 8 Novembala 1895 ku Würzburg m'dziko la Germany, ndipo patangopita masabata ochepa anajambula dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete yapachala zikuoneka. Mu 1901 iye anakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya sayansi ya physics. M'zaka zoyambirirazo anthu ankagwiritsa ntchito makinawa osadziwa kuopsa kwake, ankaika manja awo m'chezamo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri anapsa khungu, ena anadulidwa zala, ena anamwalira ndi khansa. Mmodzi mwa iwo anali Clarence Dally, yemwe ankagwira ntchito ndi Thomas Edison ku America ndipo anamwalira mu 1904. Choncho n'zoona kuti chezachi chikachuluka chimawononga. Funso lofunika ndi lakuti kuchuluka kwake n'kotani.

Cheza chimene thupi lalandira chimayezedwa ndi muyezo wotchedwa millisievert, mwachidule mSv. Munthu aliyense, ngakhale amene sanapondeko kuchipatala, amalandira cheza chachilengedwe chochokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya, m'zakudya ndi kumlengalenga, ndipo pa avareji padziko lonse chimakwana 2.4 mSv pachaka. Kujambulidwa pachifuwa kamodzi kumapereka 0.1 mSv kapena kucheperapo, kutanthauza kuti n'chimodzimodzi ndi cheza chimene mumalandira mwachilengedwe m'masabata awiri. Zithunzi zanu zitatu ndi chachinayi chikubwerachi, zonse pamodzi, sizikufika ngakhale pa theka la cheza chimene nthaka ndi mpweya wa ku Kasungu zikupatsani chaka chino. Mbali inayi, TB yosachiritsidwa bwino imapha ndipo imafalikira kwa apabanja.

Dziwaninso kuti chithunzi pachokha sichitsimikiza TB. Chimene chimatsimikiza ndi kuyeza makhololo, ndipo chithunzi chimathandiza kuona kukula kwa vutolo ndi kupeza amene ayenera kuyezedwa. Pa chifukwa chimenechi, magalimoto okhala ndi makina a X-ray amayendera madera osiyanasiyana kukafufuza TB, ndipo kuyambira mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a pakompyuta azithandiza kuwerenga zithunzi zapachifuwa za anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo pofufuza matendawa. Zipsera za TB zimatha kuonekabe m'mapapo ngakhale munthu atachira, motero chithunzi cha pomaliza mankhwala n'chothandiza: mukadzadwalanso chifuwa zaka zikubwerazi, dokotala adzachiyerekeza ndi chatsopano n'kudziwa chimene chili chakale. Zithunzi zanu zisungeni pamalo ouma pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala.

Funso: Ndinagwa n'kuvulala phazi, ndipo anandijambula. Patapita masabata atatu ndinazindikira kuti pa nthawiyo ndinali kale ndi pakati. Sindikugona tulo poganiza kuti mwana wanga adzabadwa wolumala.
Mayi woyembekezera, Zomba

Yankho: Mayi, mtima ukhale pansi. Pojambula phazi, cheza chimalunjikitsidwa kuphaziko, ndipo chimene chingafike m'chiberekero n'chochepa kwambiri moti n'chovuta ngakhale kuchiyeza. Zimakhalanso choncho pojambula dzanja, mano, mutu ngakhalenso chifuwa. Akatswiri amayeza cheza chofika kwa mwana wosabadwa ndi muyezo wa milligray, ndipo amagwirizana kuti chikakhala chosakwana 50 sichichititsa kuti mwana apunduke kapena kuti mimba ichoke. Chithunzi chapachifuwa chimafikitsa kwa mwanayo cheza chosakwana 0.01, ndipo cha phazi n'chocheperapo kuposa pamenepo. Palibe chifukwa choganizira zochotsa mimbayo, ndipo aliyense amene angakulangizeni zotero chifukwa cha chithunzi cha phazi akukusokeretsani.

Izi sizikutanthauza kuti mayi woyembekezera azijambulidwa mwachisawawa. Kale madokotala ankajambula mimba ndi X-ray pofuna kuona mmene mwana wagonera ndi kukula kwa njira yobadwira, mpaka mu 1956 pamene dokotala wa ku Oxford, Alice Stewart, anaonetsa kuti mwa ana amene anajambulidwa ali m'mimba, khansa yaubwana inkapezeka mochulukirapo. Kafukufuku wakeyo anasintha kachitidwe ka zipatala, ndipo lero mimba imaunikidwa ndi sikani ya ultrasound, yomwe imagwiritsa ntchito mafunde a mawu osati cheza. Chimene chimafuna kusamala kwambiri ndi kujambula pamimba penipeni, m'chiuno ndi kumunsi kwa msana, makamaka ndi makina a CT, omwe ndi X-ray yojambula mozungulira thupi. Ngakhale apo, ngati moyo wa mayi uli pachiswe, monga pa ngozi yapamsewu, kujambulako kumachitika, chifukwa mwana sangapulumuke mayi ake akatayika. Pa sikelo yanu yotsatira, auzeni anamwino za chithunzi cha phazicho kuti alembe m'buku, ndipo m'tsogolo muno wojambula akakufunsani tsiku limene munasamba komaliza, muziyankha mosabisa, popeza amafunsa pofuna kuteteza inu ndi mwana.

Funso: Bambo anga a zaka 64, amene ndikukhala nawo kuno ku Johannesburg, amamva kufinya pachifuwa akamakwera masitepe. Madokotala akuti mwina mtsempha wa mtima wachepa njira, ndipo akufuna kulowetsa kapaipi padzanja kuti akaone, ndipo ngati n'koyenera akautsegule popanda kung'amba chifuwa. Abale kumudzi sakumvetsa kuti munthu angafike bwanji kumtima kudzera padzanja. Bambo alinso ndi matenda a shuga. Tithandizeni kumvetsa tisanasaine mapepala.
Mwana wodera nkhawa, Johannesburg

Yankho: Mwachita bwino kufunsa musanasaine, ndipo tiyankha motalikirapo chifukwa chithandizo cha mtundu umenewu chikufalikira koma anthu ochifotokoza m'chinenero chathu ndi ochepa.

Mitsempha yonse yotenga magazi kuchokera kumtima ndi yolumikizana. Mtsempha umene namwino amagwira padzanja powerenga kugunda kwa mtima umakwera ndi mkono, kudutsa kukhwapa, mpaka kukalowa mu mtsempha waukulu wotuluka mumtima. Pachiyambi penipeni pa mtsempha waukuluwo m'pamene pamayambira timitsempha todyetsa mnofu wa mtimawo, tomwe kukula kwake ndi mamilimita 3 kapena 4 okha. Mafuta akaundana m'zipupa za timitsemphati, njira ya magazi imachepa, ndipo munthu akamagwira ntchito yolemetsa mtima umasowa magazi okwanira. Kufinya kumene abambo anu akumva pamasitepe n'kutheka kuti kukuchokera pamenepo.

Chimene chimatheketsa dokotala kuyenda njira yonseyo osaona ndi maso ndi makina a X-ray ojambula mosalekeza, omwe amatchedwa fluoroscopy. M'malo mwa chithunzi chimodzi, makinawa amajambula zithunzi zingapo pa sekondi iliyonse, ndipo pa sikirini zimaoneka ngati kanema. Wodwala amagona chagada pa tebulo lopapatiza. Pomuzungulira pamakhala mkono waukulu wachitsulo wopindika ngati chilembo C, umene mbali yake ina, yotulutsa cheza, imakhala pansi pa tebulo, ndipo inayo, yolandira chithunzi, imakhala pamwamba pa chifuwa. Mkonowo umatembenuka kuti mtima uonedwe kuchokera kumanzere, kumanja, chakumutu ndi chakumiyendo. Dokotala amayatsa chezacho ndi chopondera cha phazi pa nthawi yokhayo imene akufuna kuona, ndipo akachotsa phazi chimazima.

Abambo anu sadzagonekedwa tulo. Adzabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi padzanja, ndipo mwina adzapatsidwa mankhwala okhazika mtima pansi. Dokotala adzabaya mtsempha ndi singano, adzalowetsa kawaya kofewa kudzera m'singanoyo, adzachotsa singano, kenako adzatsetserezera kapaipi pamwamba pa kawayako. Kapaipi kameneka, kotchedwa catheter, kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 2. M'kati mwa mitsempha mulibe timinyewa tomva kukhudza, choncho wodwala samva kapaipiko kakuyenda, ngakhale ena amamva kukokeka pang'ono mumkono. Kakafika pakamwa pa mtsempha wa mtima, dokotala amapoperamo mankhwala amadzimadzi okhala ndi ayodini, amene amatchinga cheza. Nthawi yomweyo mitsempha imene sinkaoneka imatulukira pa sikirini, yakuda, ndi nthambi zake zonse, ndipo pamene pachepa njira pamaoneka poyera. Anthu ambiri amamva kutentha kukuyenda m'thupi kwa masekondi ochepa, ena amamva ngati akodzedwa pamene sanatero, ndipo zimenezi si zoopsa. Gawo loyambali limatchedwa angiogram, ndipo cholinga chake ndi kuona basi.

Ngati pachepapo m'pofunika kutsegula, dokotala amadutsitsapo kawaya kena kopyapyala kwambiri, n'kutsetserezerapo kabaluni kosapopa. Kabaluniko kamapopedwa kwa masekondi angapo n'kukankhira mafuta aja kuzipupa. Pa nthawiyi wodwala amatha kumva kufinya kuja chifukwa magazi aima kwa kanthawi, ndipo ayenera kunena. Kawirikawiri pamalopo amasiyapo kachubu kolukidwa ndi waya wachitsulo, kotchedwa stent, kamene kamakhala pomwepo moyo wonse kuti njirayo isabwererenso. Ntchito yonse imatenga theka la ola mpaka maola awiri. Pomaliza padzanja pamamangidwa lamba wothina kwa maola angapo, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Nthawi zina amalowera m'mphechepeche m'malo mwa padzanja, ndipo zikatero wodwala amagona chagada osapinda mwendo kwa maola angapo.

Abale akumudzi angalimbe mtima atamva kuti njirayi si yoyeserera. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, analowetsa kapaipi mumtsempha wa mkono wake womwe mpaka kukafika kumtima, n'kukadzijambulitsa ndi X-ray kuti anzake akhulupirire, ndipo mu 1956 analandira nawo mphoto ya Nobel. Njira ya singano, kawaya ndi kapaipi imene tafotokozayi anaiyambitsa ndi Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden mu 1953. Mu Januwale 1964, ku Portland m'dziko la America, Charles Dotter anatsegula mtsempha wa mwendo wa mayi wa zaka 82 amene anakana kudulidwa mwendowo, ndipo mwendowo unapulumuka. Andreas Grüntzig ndiye anayamba kutsegula mtsempha wa mtima ndi kabaluni, ku Zurich mu Sepitembala 1977, ndipo ma stent a mumtima anayamba kuikidwa mu 1986 ku France ndi ku Switzerland.

Zoopsa zilipo ndipo dokotala ayenera kukufotokozerani. Chofala ndi kutupa kapena kutuluka magazi pobayapo. Ena thupi lawo limadana ndi mankhwala a ayodini, choncho ngati abambo anu anatulukapo zidzolo kapena kubanika atapatsidwa mankhwala otere, nenani msanga. Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndipo popeza shuga amafooketsa impso, magazi ayenera kuyezedwa kaye kuti aone mmene impsozo zikugwirira ntchito. Ngati amamwa metformin, funsani ngati ayenera kuyamba asiya kwa masiku awiri. Zoopsa zazikulu, monga sitiroko kapena kutsekeka kwadzidzidzi kwa mtsempha wa mtima, zimachitika kwa anthu osakwana mmodzi pa 100 alionse pa gawo loona lokha, ndipo zimakwererako pang'ono akamaika stent. Cheza chake n'chochulukirapo ndithu, nthawi zambiri pakati pa 5 ndi 15 mSv, koma kwa munthu wa zaka 64 amene mtima ukumuvuta, chimenechi si chimene chiyenera kukudetsani nkhawa.

Pali mafunso awiri amene tikukulimbikitsani kufunsa. Loyamba ndi lakuti kodi stent ndiyo njira yabwino koposa kwa iwo. Munthu akagwidwa ndi matenda a mtima adzidzidzi, kutsegula mtsempha msanga kumapulumutsa moyo. Koma kwa amene kufinya kumabwera pokhapokha akagwira ntchito n'kusiya akapuma, stent imachepetsa ululu, pamene chotalikitsa moyo kwenikweni ndi mankhwala, kusiya fodya, ndi kusamala shuga ndi BP. Komanso anthu a shuga amene mitsempha yawo ingapo yachepa njira nthawi zambiri amathandizika bwino ndi opaleshoni yaikulu yolambalalitsa magazi, yotchedwa bypass. Bala laling'ono si umboni wakuti chithandizocho ndicho choyenera aliyense. Funso lachiwiri ndi la mankhwala a pambuyo pake. Woikidwa stent amamwa mankhwala awiri oletsa magazi kuundana, kawirikawiri aspirin ndi clopidogrel kapena ofanana nawo, kwa miyezi 6 mpaka 12, ndipo kuwasiya msanga kungatseke stent mwadzidzidzi n'kupha munthu. Ngati abambo anu akuganiza zobwerera kumudzi, konzani kaye kumene azikapeza mankhwalawo mosadukiza, ndipo atenge kalata yofotokoza zonse zimene zachitika.

Funso: Mchimwene wanga anathyoka fupa la ntchafu pa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza. Kuchipatala anatiuza kuti makina oonera mafupa m'chipinda cha opaleshoni ndi owonongeka, koma anamuikabe chitsulo m'fupamo. Kodi anachiika mongoganizira?
Mlongo wake, Lilongwe

Yankho: Ayi, mayi, n'kutheka kwambiri kuti sanachite mongoganizira. Makina amene akunenawo ndi C-arm yoyenda pa matayala, yaing'ono poyerekeza ndi ya mtima imene tafotokoza pamwambapa. Madokotala a mafupa amaigwiritsa ntchito kuti aone ngati zidutswa za fupa zalunjikana, ndiponso kuti alowetse chitsulo chachitali m'mphako ya fupa kudzera pa bala laling'ono. Povuta kwambiri ndi pomanga tizomangira todutsa m'mabowo a kumapeto kwa chitsulocho, popeza mabowowo amakhala obisika m'kati mwa fupa, ndipo m'zipatala zokhala ndi zipangizo zokwanira amawapeza poonera pa C-arm.

Koma pali chitsulo chimene chinapangidwira dala zipatala zopanda makinawa. Chimapangidwa ndi bungwe la SIGN Fracture Care, limene dokotala wa mafupa Lewis Zirkle analikhazikitsa mu 1999 ku Richland m'dziko la America, ndipo chakhala chikugwiritsidwa ntchito kuno ku Malawi kwa zaka zambiri. Chimabwera ndi chipangizo cholozera chimene chimamangidwa kunja kwa mwendo, chosonyeza pamene bowo lili, ndiponso kachida kofufuzira bowolo ndi dzanja. Posowa C-arm, dokotala amatsegula pang'ono pothyokapo kuti alunjikitse fupa akuliona ndi maso. Bala limakula pang'ono, koma wodwala amadzuka pabedi m'masiku ochepa, m'malo mogona masabata 6 kapena kuposerapo mwendo utakokedwa ndi zolemera. Chofunika tsopano ndi chithunzi cha X-ray cha pambuyo pa opaleshoni, chojambulidwa kutsogolo ndi cham'mbali, ndi zina zotsatira pa masiku amene apatsidwa, kuti aone ngati fupa likulumikizana. Bala likayamba kutuluka mafinya, kapena akayamba kutentha thupi, asadikire tsiku lopatsidwalo.

Izi zili choncho, makina owonongeka si nkhani yoizolowera. C-arm ikafa, mafupa ena, monga a m'chiuno ndi a pachigongono cha ana, amavuta kwambiri kuwakonza bwino. Ogula makina otere ayenera kuwerengeratu ndalama zowakonzera, akatswiri owasamalira ndi magetsi osadumphadumpha, chifukwa makina a mtengo wapatali amene aima pakona ataphimbidwa nsalu sathandiza wodwala aliyense.

Funso: M'mimba mumandipweteka kawirikawiri. Ndinapempha X-ray koma anakana, m'malo mwake anandipanga sikani yopaka mafuta pamimba. Kodi anandimana chifukwa ndine wosauka?
Bambo, Mulanje

Yankho: Sitikuganiza choncho, bambo. X-ray wamba imaona bwino mafupa ndi mapapo, koma chiwindi, ndulu, impso, chikhodzodzo ndi kapamba zimaoneka zotuwa mofanana, ndipo zilonda zam'mimba sizioneka n'komwe. Pa ziwalo zimenezi sikani ya ultrasound imaonetsa zambiri, komanso ilibe cheza. Zikafunika, pali CT, imene ndi X-ray yozungulira thupi n'kupereka zithunzi zodula thupilo m'magawomagawo. Wodwala woyamba anajambulidwa nayo ku London mu 1971, ndipo mu 1979 Godfrey Hounsfield, amene anapanga makinawa, analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, yemwe anayamba kuganizira masamu ake akugwira ntchito pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. CT ya pamimba imapereka cheza cha pafupifupi 8 mpaka 10 mSv, chofanana ndi cha chilengedwe cha zaka zitatu kapena zinayi, motero sichitika popanda chifukwa chomveka. Chithunzi chili ndi phindu ngati zotsatira zake zingasinthe chithandizo. Koma ngati mukuonda, mukusanza magazi, chimbudzi chikuda bii, kapena chakudya chikumaima pakhosi pomeza, bwererani msanga mukanene zimenezo, popeza khansa ya kummero ndi yofala m'dziko muno ndipo imafuna kuunika kwina.

Funso: Ndili ndi zaka 41 ndipo anandipeza ndi zotupa za m'chiberekero zimene zimandichititsa kutaya magazi ambiri posamba. Akuti achotse chiberekero, koma ndinamva kuti pali njira yophera zotupazo popanda opaleshoni. Kodi ndi zoona?
Mphunzitsi, Mzuzu

Yankho: Ndi zoona, mayi. Njirayo imatchedwa embolisation, ndipo madokotala a ku Paris otsogozedwa ndi Jacques Ravina anafalitsa zotsatira zake mu 1995. Kapaipi kamalowetsedwa m'mphechepeche kapena padzanja monga tafotokozera pa nkhani ya mtima, kamatsogozedwa ndi fluoroscopy mpaka m'mitsempha iwiri yodyetsa chiberekero, ndipo dokotala amapoperamo timibulu tating'ono kwambiri totseka timitsempha topita ku zotupazo. Zotupa zikasowa magazi zimafota pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ndipo amayi ambiri amaona kuti kutaya magazi kwachepa. Masiku oyambirira m'mimba mumapota kwambiri moti pamafunika mankhwala amphamvu opha ululu, ndipo ena mwa amayiwo amadzafunikabe chithandizo china patapita zaka. Kwa mayi amene akufunabe kubereka, madokotala ambiri amasankha opaleshoni yochotsa zotupa zokhazo n'kusiya chiberekero. Embolisation imafuna makina apadera ndi dokotala wophunzira ntchito imeneyi, choncho funsani dokotala wanu wa amayi ngati zotupa zanu zili zoyenera njirayi ndiponso kumene angakutumizeni. Podikira, yezetsani magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi kumene kumafooketsa amayi ambiri a vuto lanuli, ndipo kuli ndi mankhwala.

Funso: Ndikulemba mayeso a Fomu 4 ndipo ndikufuna kudzaphunzira ntchito yojambula odwala. Amayi akukana, akuti ogwira ntchitoyi sabereka, n'chifukwa chake amauzidwa kuti azimwa mkaka wambiri.
Mtsikana wa sukulu, Dedza

Yankho: Ntchitoyi ndi yabwino ndipo dziko lathu likusowa anthu oidziwa. Maphunziro ake amaperekedwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo masamu, physics ndi biology muzilimbikire. Amayi anu auzeni mwaulemu kuti cheza chimene chingachititse munthu kusabereka mpaka kalekale chimafika masauzande a mSv cholunjika ku ziwalo zoberekera, pamene malire ovomerezeka padziko lonse kwa wogwira ntchitoyi ndi 20 mSv pachaka pa avareji ya zaka zisanu, ndipo ojambula ambiri safika ngakhale pafupi ndi malirewo. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma suteteza munthu ku cheza.

Chimene chimateteza ndi zinthu zina. Pojambula, wojambula amaima kuseri kwa khoma kapena galasi lokhala ndi mtovu. Amene ayenera kukhala pafupi ndi wodwala, monga m'chipinda cha C-arm, amavala chovala cholemera cha mtovu, chotchingira pakhosi, ndipo ena amavalanso magalasi oteteza maso ku ng'ala. Kutalikira kumathandiza kwambiri: mukawirikiza kawiri mtunda wochokera pa gwero la cheza, chimene chimakufikani chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Wogwira ntchito aliyense ayenera kuvala kabaji koyeza cheza chimene walandira, kamene kamawerengedwa nthawi ndi nthawi, ndipo kuno kwathu bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lokhazikitsidwa motsatira lamulo la 2011, ndilo limayang'anira chitetezo cha malo ogwiritsa ntchito makinawa. Mukadzakhala ndi pakati muli pa ntchito, mudzauze akuluakulu anu msanga kuti akusinthireni ku mbali ya cheza chochepa kapena yopanda cheza, monga ya ultrasound, kufikira mutachira. Ngati n'kotheka, pitani ndi amayi anu ku chipatala cha boma chapafupi, mukapemphe kucheza ndi wojambula wa kumeneko kuti iwo adzionere okha khoma lotchingalo ndi kufunsa mafunso awo.